Mjigo umene amayi sapitako

Mwana wa mlongo wanga akuphunzira uinjiniya ku MUBAS, sukulu yomwe ife achikulire timaitchulabe kuti Poly ngakhale inasintha dzina mu 2021. Atabwera kutchuthi kuno ku Dedza anandidandaulira kuti, "Malume, maphunziro a kalankhulidwe ndi kalembedwe akungotidyera nthawi ya masamu." Sindinamuyankhe pomwepo, koma m'mawa mwake ndinapita naye kumudzi kwathu, chakufupi ndi Linthipe, kuti akaone mjigo wina.

Mjigowo unakumbidwa mwaluso, pampu yake ndi ya Afridev, ndipo madzi satha ngakhale mu Okutobala pamene zitsime zambiri zimakhala zitaphwa. Komatu unaikidwa m'mphepete mwa msitu wa manda momwe muli dambwe, malo amene amayi ndi aliyense wosalowa gule saloledwa kuyandikira, moti mpaka lero amayi amatungabe madzi amatope kudambo. Amene anabwera kudzayeza malowo anadziwa bwino pamene pali madzi pansi pa nthaka, koma anangolonjera amfumu ali chiimire n'kuyamba ntchito, osafunsa ngakhale mayi mmodzi mwa iwo amene amasenza ndowa tsiku ndi tsiku. Zimandiwawa ndikamadutsa pamenepo, chifukwa ndalama zinapita ndipo ana akudwalabe m'mimba.

Damu la Mpira ku Ntcheu, lomwe limapereka madzi mpaka ku Balaka, linaphwa mu 2018, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali kutha kwa mitengo kumtunda kwake. Wootcha makala sangasiye nkhwangwa chifukwa cha masamu a injiniya. Pamafunika munthu wodziwa umphawi umene umamukankhira m'nkhalango, wotha kukhala pansi ndi mafumu n'kugwirizana nawo chochita.

Sindikunena kuti masamu achepetsedwe, pakuti mlatho wowerengedwa molakwika umapha anthu. Chimene ndikupempha n'chakuti m'sukulu zaukachenjede za MUBAS, MUST ndi Bunda wophunzira uinjiniya aliyense asanalandire digiri aziyamba waima pabwalo la mfumu n'kufotokoza pulani yake m'chinenero cha eni mudzi, ayankhe mafunso awo, ndipo zimenezi zizikhala ndi malikisi ngati mayeso ena onse. Aphunzirenso mbiri ndi miyambo ya madera amene adzagwireko ntchito, komanso kukana kontirakitala akamamunyengerera kuti asainire ntchito yomwe simenti yake yachepetsedwa.

Mnyamatayo anapukusa mjigowo kangapo, madzi n'kutuluka oyera bwino. Kenaka anandipempha kuti titsikire kudambo, akafunse amayi aja pamene iwo akanakonda kuti mjigowo ukhale.