Kachipewa ka kuseli kwa injini

Loweruka usiku, Kasungu.

Ndikulemba izi mkono wamanja uli ndi zokalika kuyambira pachigongono mpaka kuzala, ndipo fungo la coolant, mankhwala osakaniza m'madzi oziziritsa injini, silinachokebe ngakhale ndasamba kawiri.

Ndinanyamuka m'mamawa kupita ku Mtunthama kukaona mlongo wanga, ndisanapse ndi dzuwa la Okutobala. Galimoto ndi yomwe ija anandisiyira malemu amalume: Eunos Roadster ya 1991, ya mipando iwiri, nyali zake zobisala m'boneti, injini ya malita 1.6. Ndi yomwe maiko ena amaitcha Mazda MX-5, imene inayamba kupangidwa ku Hiroshima mu 1989. Ana a m'dera lathu amangoti "kofiira kaja".

Ndisanapite patali pa msewu wa ku Nkhotakota ndinamva fungo lotsekemera, ngati la shuga wopserera pamoto. Ndinayang'ana geji, muvi uli pakati monga mwa masiku onse. Ndinaimabe. Amalume ankakonda kunena kuti mphuno imamva geji isanaone, ndipo chifukwa chake chilipo: sensa imayeza kutentha kwa madzi, ndiye madziwo akatayika imatsala ili mu mpweya, muvi n'kumakunamiza injini ikupsa. Injini iyi thunthu lake ndi lachitsulo koma mutu ndi wa aluminiyamu. Ikatentha mopyola mutu uja umapindika, gasiketi n'kupsa, ndipo pamenepo ndiye kuti kagalimoto kakakhala pa njerwa.

Nditatsegula boneti, kanthunzi kanali kutuluka kuseli kwenikweni kwa injini, pamene imayandikana ndi chipupa cholekanitsa injini ndi mokhala anthu. Pansi pa galimoto madzi anali tho, tho, tho pa fumbi.

Mnyamata wa kabaza anaima. "Bwana, mjigo uli apopa. Ndikatunge muthire muzipita?" Ankafuna kundithandiza ndithu, ndinamuthokoza. Koma chivindikiro cha rediyeta yotentha sachitsegula, madzi ake amakuthovukira kumaso, komanso kuthira m'chotengera chobooka n'kutaya nthawi. Ndinaimbira mnzanga wa pikapu, tinakoka ndi chingwe pang'onopang'ono kubwerera pa boma.

Amakaniko anga ndi bambo wachikulire, galaja yawo ili pansi pa mitengo ya mango. Ankakonzanso galimoto yomweyi amalume ali moyo.

"Mwadzuka bwanji madala?"

"Tadzuka mwana wanga. Katani lero?"

Sanaigwire. Anati tikhale kaye pa benchi izizire, ndipo tinakhaladi pafupifupi ola tikukamba za mtengo wa feteleza. Kenako anathira madzi m'rediyeta, natenga chidutswa cha kalilole chomwe amasunga m'thumba la ovololo, n'kuchilowetsa kuseli kwa injini, ine ndikuwalitsa tochi ya foni. Mapaipi awiri a hita anali ouma. Pansi pake pang'ono, m'kalilole muja, tinaona kamtsinje kowonda ngati ulusi.

Kumeneko kuli kapaipi kachitsulo kamene pa injini iyi sikapita kulikonse, kanangotsekedwa ndi kachipewa ka rabala, kukula kwake ngati nsonga ya chala chachikulu. Sindinkadziwa n'komwe kuti kaliko. Madala atakachotsa anakaika padzanja langa. Kanali kotupa, kofewa ngati nthochi yakupsa kwambiri, kong'ambika m'mbali, ndipo nditakafinya kanasiya zakuda m'zala. Anandionetsa chomwe chakapha: pamwamba pake pali sensa ya camshaft, ndipo kamphete kake ka rabala kanatha kalekale, oyilo n'kumadonthera pa kachipewako dontho limodzilimodzi. Oyilo amadya rabala wa mapaipi a madzi. Kudontha kumeneko ndinkakuona chaka chonsechi, ndinkangopukuta. Kachipewa kagwira ntchito zaka zoposa 30, mlandu ndi wanga.

Mnyamata wophunzira ntchito anafulumira kupereka nzeru: timange ndi lekeni, tipake guluu, komanso tichotseretu thermostat, kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi malinga ndi kutentha kwake, kuti injini izizizira bwino "monga amachitira a minibasi". Madala anamuyankha mofatsa, ndipo ine ndinaphunzirapo. Mkati mwa mapaipi amenewa madzi amakhala opanikizika, pafupifupi bar imodzi (bar ndi muyeso wa kupanikizikako), ndipo chivindikiro cha rediyeta ndicho chimasunga mphamvu imeneyo kuti madzi asawire msanga. M'mbali mwa nyanja yamchere madzi amawira pa madigiri 100. Kuno ku Kasungu, komwe tili pamtunda woposa mamita 1,000, amawira cha pa 96 kapena 97. Pakangobooka penapake mphamvu ija imathawa, madzi n'kuyamba kuwira mkati mwa mutu wa injini. Lekeni wa chubu angagwire katundu pa njinga, koma kutentha ndi kupanikizika kotere sangapirire.

Za thermostat anangopukusa mutu. Ine ndimagwirizana nawo kwathunthu. Mwambo wochotsa thermostat wawononga injini zambiri kuno. Injini imafuna kutentha kwake koyenera. Ikamayenda yozizira imamwa mafuta ambiri ndipo imaperepeseka msanga, pamene vuto lenileni, kaya ndi rediyeta yotsekeka kaya fani yakufa, likadali pomwepo.

Ndinazungulira mashopu a masipeya pa boma ndi kachipewa kanga m'manja. Za Corolla, Probox ndi Sienta zili mbwee, koma aka aliyense ankangokatembenuza n'kundibwezera. Wina anati ndikayese ku Biwi ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 130 wosadziwa ngati ukapeza. Ndinabwerera ndi zomwe madala anandiuza ndikalephera: kachidutswa ka paipi yatsopano ya madzi ya mulingo womwewo, makilampu awiri omanga ndi sukulufu, ndi bawuti yokhala ndi khosi losalala. Khosi losalalalo ndi lofunika, chifukwa madzi amatsata mizere ya bawuti n'kumatuluka.

Bawuti inalowa mbali imodzi ya paipi, kilampu n'kuimanga zolimba. Ntchito inali kuveka mbali inayo. Tinamasula makoilo kuti papezeke mpata, komabe dzanja la madala silinkalowa. Langa ndi lowonda. Ndinagona chamimba pa injini, tsaya lili pa chitsulo, maso osaona kanthu, zala zokha zikufufuza. Poyamba ndinapala kapaipi kachitsulo kaja ndi sandipepa mpaka dzimbiri litachoka, chifukwa rabala watsopano pa chitsulo chokhakhala sagwira. Kenako paipi ija inakana kulowa. Inagwa kawiri, kachiwiriko inakakakamira pamwamba pa giyabokosi ndipo tinaikoka ndi waya. Madala anainyika m'madzi otentha kuti ifewe, ndipo ulendo wachitatu ndinaimva ikutsetsereka mpaka kumapeto. Kumanga kilampu kunali kwa kasipanala kakang'ono, kukhota pang'ono, kuchotsa, kuvekanso, mwina maulendo makumi atatu.

Nthawi yonseyi madala anali kundichenjeza chinthu chimodzi: "Osatsamira mapaipi a hitawo mwana wanga." Timapaipi tomwe timatuluka m'chipupa chija ndi ta chitsulo chofewa, tikaphwanyika pakamwa sitimatanso bwino, ndipo kusintha hita ndi ntchito ya pansi pa dashibodi.

Titatsegula kunsi kwa rediyeta, zomwe zinatuluka zinandimvetsa chisoni. Madzi ofiirira ngati a m'dambo nthawi ya dzinja. Miyezi yapitayi ndinkawonjezera madzi a pamjigo, coolant n'kumasungunuka mpaka kutsala fungo lokha. Madzi a pansi panthaka amakhala ndi mchere umene umaundana m'timipata ta rediyeta, ndipo alibe mankhwala oletsa dzimbiri. Anthu ambiri amati coolant ndi wa kumaiko a chisanu. Kuno ntchito yake yaikulu ndi kuteteza chitsulo ndi aluminiyamu kuti zisadyeke. Tinatsuka katatu mpaka madzi atayera, n'kuthira pafupifupi malita 6, theka coolant theka madzi a batire.

Tinakweza kutsogolo ndi jeke kuti mpweya ukwerere ku rediyeta, tinaliza injini chivindikiro chili chotsegula. Thovu linkatuluka limodzilimodzi. Paipi ya pamwamba itatentha madzi anatsika, tinawonjezera. Fani italira tonse atatu tinayang'anana. Madala anatsegula pothirira oyilo kuona ngati pali zoyera ngati mkaka, chizindikiro choti gasiketi yapsa, anakanunkhiza ku ekizozi, nabweza kalilole kuseli kuja. Kouma.

Asanatseke boneti anagogoda ndi chala pamwamba pa rediyeta. Pulasitiki yake, imene inali yakuda, tsopano yafiirira, ndipo anati ikafika mtundu umenewo imatha kusweka tsiku lililonse. Ndalembera msuweni wanga wa ku Johannesburg kuti andifunire rediyeta, kamphete ka sensa kaja, ndi kachipewa kenikeni. Kufikira zitabwera, maulendo ataliatali ayamba aima.

Madzulo ndinayesa pa M1 kulowera ku Chinkhoma n'kubwerera, denga lili lotsitsa, mphuno ili tcheru. Sindinamve kanthu koma utsi wa m'minda yomwe anthu akusosa. Mlongo wanga ndamuuza kuti ndibwera mawa pa minibasi. Pansi pa galimoto ndayala katoni, ndipo m'mawa injini ili yozizira ndikayamba ndi kuona katoniyo, kenako ndikatsegule chivindikiro.