Chimene chimakweza malipiro a wolemba malangizo a zaukadaulo

Ambiri amene akuphunzira ntchito yolemba malangizo a makina ndi mapulogalamu a kompyuta amaganiza kuti ndalama zili pa kalembedwe kosalala. Kalembedweko kamangokulowetsani pakhomo. Malipiro amakwera pamene wolemba akutha kuyesa yekha chinthu chimene akufotokoza, osadikira injiniya kuti amulongosolere chilichonse.

Ku United States, bungwe la boma la Bureau of Labor Statistics linapeza kuti mu Meyi 2023 malipiro apakati pa ntchitoyi anali madola 80,050 pachaka. Imeneyi ndi nambala ya dziko limodzi, ndipo imabisa kusiyana kwakukulu. Wolemba kabuku ka makina ochapira zovala ndi wolemba malangizo a API (njira imene mapulogalamu amalankhulirana ndi mapulogalamu ena) salandira mofanana. Wachiwiriyu kawirikawiri amaposa, chifukwa owerenga ake ndi akatswiri opanga mapulogalamu, ndipo iye ayenera kumva chinenero chawo.

Poyambira kuphunzira luso limeneli ndi Markdown (njira yosavuta yoikira mitu ndi mindandanda m'zolemba) ndi Git (chida chosunga mbiri ya kusintha kwa mafayilo), popeza makampani ambiri amasunga malangizo pamodzi ndi pulogalamuyo ndipo amawunika kusintha kulikonse. Kenaka tengani API yaulere, tumizani pempho kudzera pa zida zoyesera API monga Postman kapena curl, werengani yankho la JSON (kalembedwe kamene API zambiri zimayankhira). Dala lakwitsani kiyi yolowera kuti muone nambala ya vuto 401 (simunaloledwe kulowa), funsani chinthu chosakhalapo kuti muone 404 (sichinapezeke), ndipo lembani chimene wowerenga achite zikatero. Apa ndi pamene ambiri amagwera: amalemba njira yoyenda bwino yokha, chonsecho munthu amatsegula malangizo zinthu zikavuta. Vuto lina ndi kukopera masitepe kwa injiniya osawayesa. Injiniyayo amadumpha sitepe imene anaizolowera, wowerenga n'kukakamira pomwepo.

Ofuna kulemba za makina akuluakulu kapena zida zachipatala aphunzirenso DITA, njira yosanjira malangizo m'zigawo pogwiritsa ntchito XML (kalembedwe ka zizindikiro kamene kompyuta imawerenga), yomwe inayambira ku kampani ya IBM.

Makampani olemba anthu ntchito amafuna zitsanzo, koma zambiri zolembedwa pakampani ndi zachinsinsi, simungazionetse kwina. N'chifukwa chake kukonza malangizo a mapulogalamu otseguka kwa onse pa GitHub, webusaiti yosungirapo mapulogalamu, kumathandiza. Ntchitoyo imaoneka poyera ndi dzina lanu. Zitsanzo zitatu zokwanira bwino zimaposa khumi zosamalizidwa.

Ukakhwima pa ntchitoyi njira zimagawikana. Ena amatsogolera gulu la olemba, ena amakonza dongosolo la malangizo onse a kampani, enanso amasamukira ku ntchito yoyang'anira chinthu chimene chikupangidwa. Utsogoleri umalipira bwino, koma nthawi yambiri imathera m'misonkhano, kulemba kwenikweni kumachepa.