Kadzanja Kotuluka M'katoni mu Minibasi ya ku Area 23

Musanapitirize kufalitsa zoti ananditsitsa mu minibasi chifukwa cha ufiti, imvani kwa mwiniwakene. Kunditsitsa ananditsitsadi, koma m'katonimo munali mphaka, mphaka wake wokhala ndi khadi la katemera, chinthu chimene ena mwa inu mulibe.

Sindinamuitane. Anangokhazikika yekha kuseri kwa thumba la makala, wowonda, wa mawanga oyera, akuda ndi ofiirira. Mphaka wa mitundu itatu chonchi pafupifupi nthawi zonse amakhala wamkazi, ndiye vuto ndinaliona likadali kutali. Mayi landilodi ali ndi anapiye, ndipo anandiuza mosapsatira kuti pakutha pa mwezi, ine kapena mphakayo, mmodzi asamuka.

Ndondomeko ndinaitsata yonse. Ndinayamba ndafunsa nyumba zoyandikana muno mu Kawale, chifukwa amphaka ambiri amene timati ndi osokera kwawo aliko, amangofuna kudya kawiri. Palibe anamuvomera. Kenako kwa a vetenale: katemera wa chiwewe, mankhwala a njoka za m'mimba, ndi a utitiri opangira amphaka. Apa pokha musatengere za galu, chifukwa mankhwala ena a utitiri a agalu ali ndi permethrin, ndipo mphaka amafa nayo. Zomutseketsa kuti asabereke tinati adikire kaye abwerere m'thupi. Azakhali a ku Area 23, amene makoswe anali atawagawira chimanga pakati, anati, "Bwera naye, mwanawe."

Anzanga onse anati ndimuike m'thumba la feteleza kuti asaone njira. Ndinakana. M'thumba la pulasitiki mumatentha, mpweya ndi wochepa, komanso mphaka sadalira maso okha kuti adziwe kwawo. Ndinatenga katoni ya mafuta ophikira, n'kuyala chitenje chakale pansi, n'kuboola timabowo ta mpweya, pamwamba selotepi. Bowo limodzi mpeni unapitirira pang'ono. Limodzi lokha.

Tsono mphaka wamantha salira kamiyawu kaja mumakadziwa. Amalira ngati khanda limene alisiya lokha m'nyumba yamdima. Tisanayandikire n'komwe Chilinde, minibasi yonse inali zii, aliyense akufunafuna mwana ndi maso. Kondakitala anati, "Madala, mwanyamula chiyani?" Ndinati mphaka. Bambo wina kumbuyo anati, "Onse amatero."

Ndipamene kadzanja kanatuluka pa bowo lija. Koyera, kofewa, kopanda changu. Kanafufuza kumanzere, kanafufuza kumanja, kanaima m'malere ngati kakuganiza, kenako kanatera pa bondo la mayi wina wovala yunifolomu ya kutchalitchi. Sikanakande ayi, ndipo izi ndingalumbire kulikonse. Kanangosisita kawiri, mwaulemu, n'kubwerera mkati. Mayiwo anayang'ana bondo lawo. Anayang'ana katoni. Anandiyang'ana ine. Ine ndinayang'ana pawindo, chifukwa panthawi ngati imeneyo palibe nkhope imene ingakuthandize. Kadzanja kanatulukanso, ulendo uno mpaka m'phewa, n'kugwira mpendero wa chitenje chawo, n'kuyamba kukoka pang'onopang'ono kulowetsa m'katoni.

"Moto! Moto wa Yehova!" Pemphero limenelo linamveka mpaka ku Kanengo. Mtsikana wina anatulutsa miyendo pawindo. Dalaivala anaponda mabuleki, dengu la bonya la mayi wageni n'kupendekeka.

Ndinanyamula katoni m'mwamba kuti onse aone kuti ndi chiweto wamba. Zomwe sanena alangizi anu aja ndi izi: mphaka akachita mantha amakodza, ndipo katoni yonyowa pansi pake sipalimba. Katoni inakwera, chitenje ndi mphaka zinatsala pamiyendo panga. Chakudya ndinali nditamumana kwa maola angapo kuti asasanze panjira, monga kuyenera. Za chikhodzodzo chake nanga ndikanatani? Choyenera ndi basiketi ya pulasitiki ya chivindikiro, yomanga ndi waya ngodya zonse zinayi, n'kuifunditsa chitenje kuti mkati mukhale mdima. Yanga anaibwereka anthu ena amene lero ali patsogolo kundiseka.

Mphaka wothawa samugwira mchira kapena mwendo. Umamuponyera nsalu yokhuthala, n'kumukulunga thupi lonse mutu wokha kunja. Ndinatero ndi jekete pansi pa mpando, iye m'kamwa mwadzaza bonya wa eni. Anandiluma chala chachikulu. Bonya ndinalipira, ndalama ya minibasi sanandibwezere, ndipo wakabaza woyamba atangoona jekete ikupuma yokha ananyamuka osatsanzika.

Pa chala pokha musaseke. Bala la mphaka kapena galu umalitsuka ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo. Katemera wa chiwewe amatenga pafupifupi milungu inayi kuti adalirike, ndiye khadi latsopano lija silikananditeteza. Nyamayo umaiyang'aniranso masiku 10 ngati ikudwala.

Kwa azakhali ndinafotokoza bwinobwino. Mumutsekere m'chipinda chimodzi milungu iwiri, ikakwana inayi ndi bwino kwambiri, mpaka fungo lake lidzaze m'nyumbamo avomereze kuti ndi kwawo. Beseni la mchenga ngodya ina, chakudya ndi madzi ngodya ina, chifukwa sadyera pafupi ndi chimbudzi chake. Usipa wowiritsa wopanda mchere, wopandanso anyezi. Mkaka wa ng'ombe ayi, ambiri umawatsegula m'mimba. Akaoneka wofooka musayerekeze kumupatsa Panado, m'bulu umodzi ukhoza kumupha. Chitenje chakecho chikhale momwemo, ngakhale chikununkha.

Azakhali anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Iwe, ndinapempha wogwira makoswe kapena mlendo wochereza?" Madzulo omwewo anamutsegulira kuti akayambe ntchito ku matumba a chimanga.

Bandeji ya pachala ndisanachotse n'komwe, ndinamupeza kuseri kwa thumba la makala akudzinyambita, osandipatsa ndi moni womwe. Iye sanakwere minibasi, ndipo palibe anamupempherera.

Kunenepa kumene tinkadikira kuja kunabweradi, koma pamimba pokha. Bere la mphaka ndi la milungu pafupifupi 9, ndipo masiku oyambirira siligwirika ndi manja, choncho amene mukuti ndikanadziwa mundiuze kuti ndikanadziwira pati. Pano tiana tilipo tinayi. Sitichoka kwa make tisanakwanitse milungu 8, ndipo wotenga adziwe kuti kakakazi kakhoza kutenga bere kali ndi miyezi inayi yokha. Muno mu Lilongwe a LSPCA, bungwe losamalira nyama, amatseketsa amphaka, ndipo make akangoletsa kuyamwa ndi woyamba pa mzere.

Mayi landilodi asiya kutchula za kutha kwa mwezi chichepereni makoswe kukhitchini kwawo, koma moni wanga akuyankhabe ndi mphuno. Azakhali akuimba foni kufunsa kuti mphaka wawo ndimubweza liti. Ofuna kamodzi nenani, koma mudzabwere ndi basiketi yanuyanu.