Njere zimene zinagona m'furiji

Mutu wa kugona kwa mbewu tinaphunzira kusekondale. Aphunzitsi anati njere zina sizimera ngakhale uzipatse madzi ndi dothi labwino, zimadikira kaye nyengo yake. Ndinaloweza, mayeso ndinakhoza, koma mumtima ndinkati ndi za m'mabuku basi. Kuno ku Ngabu mapira ukangoponya pansi, mvula n'kugwa, atuluka.

Chaka chino azakhali a ku Zomba anandipatsa njere za duwa lotchedwa columbine. Tinjere takuda, tonyezimira, kuchepa kwake ngati chitowe. Ndinafesa m'chitini mu Marichi, kuthirira m'mawa ndi madzulo. Milungu isanu inatha, zii.

Nditafufuza pa intaneti m'pamene ndinadziwa kuti duwali kwawo ndi kumayiko ozizira, ku Ulaya, ku Asia ndi ku North America. Kumeneko njere ikagwa n'kumera msanga, kambewuko kamapsa ndi chisanu. Ndiye imagona mpaka itamva kuzizira kwa milungu ingapo, kenako kufunda. Ya ine inkangomva kutentha kokhakokha, ikanadzuka bwanji?

Zotsalazo ndinazikulunga m'kansalu konyowa, n'kupita kwa mayi ena ogulitsa zakumwa pamsika.

"Mayi, mungandisungireko timbewu iti m'furiji mwanu milungu inayi?"

"Iwe mwanawe, mbewu inayamba liti kumva ludzu la Fanta?"

Anaseka mpaka misozi, koma anandipatsa kangodya.

Ulendo wachiwiri sindinagwiritse makande okhaokha, poti amagwira madzi ngati phula ndipo akauma amang'aluka. Ndinasakaniza mchenga ndi manyowa, njere n'kungowaza pamwamba osazikwirira kwambiri. Mu Juni zinatuluka mbewu zisanu ndi ziwiri. Tsiku limenelo ndinatsegulanso kope langa lakale, ndipo mawu amene ndinkangoloweza aja anamveka.

Duwa lenilenilo ndangoliona pazithunzi. Kumbuyo kwake kuli tinyanga tisanu tosunga timadzi totsekemera, ndipo ukaliyang'anitsitsa limaoneka ngati nkhunda zisanu zaunjikana pambale. Dzinalo likuchokera pamenepo: columba m'Chilatini ndi nkhunda. Njere zake n'zapoizoni, choncho zitini ndinaziika patali ndi mng'ono wanga.

Vuto ndi Okutobala. Columbine yofesa kawirikawiri imachita maluwa chaka chachiwiri, pomwe kuno dzuwa limapitirira madigiri 40, mbuzi n'kumabisala pansi pa ngolo. Zitini zinayi ndazisiya pansi pa mtengo wa nimu. Zitatu ndazikweza minibasi Loweruka, zabwerera kwa azakhali.