Du Chisiza Jr ndi unduna uja wa 1993

Anthu akamakamba za katswiri wa zisudzo Du Chisiza Jr amathamangira kunena kuti anali wolimba mtima, ankatokosola boma pa siteji, basi nkhani yathera pomwepo. Nzoona, koma ine chimene chimandizunguza mutu mpaka pano ndi 1993.

Taonani kaye banja lomwe anachokera. Bambo ake a Dunduzu Chisiza anali mlembi wamkulu wa MCP, anamwalira pa ngozi ya galimoto pa Thondwe mu September 1962, ngozi yoti mpaka lero ena amapukusa mutu akaimva. Du anabadwa mu March 1963 bambo ake ali kale m'manda. Bambo ake aakulu a Yatuta anathawa m'dziko muno nduna zitayambana ndi Kamuzu mu 1964, anabweranso ndi mfuti mu 1967 nkuphedwa ndi asilikali cha ku Mwanza uko. Ndiye dzina loti Chisiza silinali dzina lomangolitchula mokweza m'basi ayi.

Mwana wa banja limeneli ndi amene anayamba kutchuka ali pa sekondale ya HHI ku Blantyre, sewero lake The Deceased's Attack litapambana pa mpikisano wa ATEM, uja wa zisudzo za Chingerezi m'masukulu. Anapita ku America kukaphunzira za zisudzo ku Philadelphia, atabwerako mu 1987 anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre, gulu loyamba kuno kutenga zisudzo ngati ntchito yodyera osati zongotayitsa nthawi pa wikendi. Apa anthu sapaganizira bwino. Kunalibe TV, TVM inadzabwera mu 1999, ndiye ndalama yake inali ya pageti basi, holo ulipire, mapositala umate wekha, thiransipoti ya gulu lonse kuchoka pa French Cultural Centre kupita ku Lilongwe mpaka Mzuzu, kenako ndalama zotsalazo mugawane, ndipo zonsezi sikiripiti itadutsa kaye ku Censorship Board komwe ankatha kudula mizere kapena kungoletseratu sewero lonse. Munthu analemba masewero opitirira 20 m'mavuto amenewa, akutsogolera yekha komanso akusewera yekha mbali zikuluzikulu. Papa's Empire mwachitsanzo, aliyense mu holomo ankadziwa kuti Papa akunenedwayo ndi ndani, kuseka kwake kochita kuyang'ana kaye amene wakhala naye pafupi.

Ndiye 1993, chaka cha referendamu, anthu atatopa ndi chipani chimodzi, Du akuvomera kukhala nduna ya achinyamata, masewera ndi chikhalidwe m'boma la Kamuzu yemwe uja. Eeh. Ena amati anagulidwa, ena amati MCP inali chipani cha bambo ake kuyambira pachiyambi ndiye anangobwerera kwawo. Ine sindimuikira kumbuyo, kwa ine anaphonya, MCP inkafuna dzina lake kuti ioneke ngati yasintha ndipo iye anawapatsa. Komanso sindigwirizana ndi oti zimenezi zinafufuta zonse anachita. Undunawo sunakhalitse, MCP inagwa mu 1994, ndipo pambuyo pake analowanso UDF, zomwe zimangondionetsa kuti ndale sinali mbali yake, ankangoyendamo mwachimbulimbuli pomwe pa siteji ankadziwa bwinobwino chomwe akuchita.

Anamwalira mu February 1999 ali ndi zaka 35 zokha. Gertrude Kamkwatira, yemwe anakulira m'manja mwake ku Wakhumbata, anatenga gululo kenako nkuyambitsa lake la Wanna Do, naye anatisiya mu 2006. Chimene chimandiwawa nchoti masewero ambiri a Du simungawapeze mu laibulale kapena m'sitolo ya mabuku, achinyamata a ATEM lero amamva dzina lokha. A unduna wa zachikhalidwe, womwe iye anaukhalapo, atasonkhanitsa masikiripiti amene atsala kwa abale ndi anzake nkuwasindikiza angakhale atatithandiza kwambiri, mapepala sachedwa kudyedwa ndi chiswe.