Za kalabu yathu ndi Nc'wala

Anthu amaganiza kuti kalabu yathu ndi ya mabwana ongokumana ku hotelo nkumamwa tiyi, ayi ndithu, ambirife ndi aphunzitsi, manesi, ogulitsa pa msika wa Kapata ku Chipata, wina mpaka ndi wa njinga zonyamula anthu zija.

Ntchito yeniyeni imatipeza mu February pa Nc'wala, mwambo wa Angoni, ku Mtenguleni. Loweruka lomaliza la mweziwo anthu amakhamukira kumeneko kukaona Inkosi Mpezeni akulawa zoyamba kucha za m'munda, ena ochokera ku Malawi, ndiye tangoganizani dzuwa lake, mwinanso mvula, matope, ana osochera akulira, agogo ofuna pokhala, zonsezo ife timakhala tili pakati ndi zigubu za madzi. Mwambo ukatha timatola mabotolo ndi mapulasitiki mpaka msana kuwawa, apa mpamene ena amazemba, sinditchula maina koma akudzidziwa!

Miyezi inayo timasonkha tindalama nkugula sopo ndi shuga kukapereka ku wodi ya ana kuchipatala. Pano tikukambirana za Kulamba, mwambo wa Achewa, ku Mkaika mu August, vuto ndi thiransipoti yopitira ku Katete basi, amene ali ndi kagalimoto atiuze msanga.