Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Zaka za makreti ku Mchinji

Nditamaliza Folomu 4, pakhomo panalibe ndalama zoti ndipitirize sukulu, choncho mayi ananditumiza ku Mchinji kuti ndizikathandiza amalume pa golosale yawo. Amalumewo anagwirapo ntchito m'migodi ku Kitwe, ndipo ndalama zomwe anabwera nazo kumeneko ndi zimene anatsegulira golosaleyo. Ine anandipatsa ntchito ya makreti. Galimoto ya Sobo ikafika ndinkatsitsa odzadza, kukweza opanda kanthu, kenako kuwerenga mabotolo limodzilimodzi, chifukwa lina likasowa dipoziti yake inkachoka m'thumba mwathu. Kasitomala akafuna kupita ndi Fanta kwawo, amalume ankati, "Mphwanga, ngati sanabwere ndi botolo, amwere pompano."

Mu 2004 tinamva kuti kampani ya Coca-Cola yaitana Neville Isdell, yemwe anali atapuma kale pantchito, kuti adzaitsogolere. Iyeyu anabadwira ku Northern Ireland koma anakulira ku Zambia, ndipo ntchito anayambira komweko mu 1966 pa fakitale yothira zakumwazi m'mabotolo. Amalume sanagwirike tsiku limenelo. Aliyense wolowa m'golosale ankamuuza kuti bwana wamkulu wa kulikulu la kampaniyo ku Atlanta anapondapo fumbi lomwe iwo anaponda. Kwa ine nkhaniyi inadzutsa funso lina: zinatheka bwanji kuti chakumwa cha ku America chizifika mpaka kumalire kuno pa galimoto yolembedwa dzina la kampani ya ku Malawi?

Ndinayamba kufufuza ndikapita ku Lilongwe kokapikula katundu, ndipo yankho ndinalipeza pa zomwe zinachitika mu chaka cha 1899. John Pemberton, wosakaniza mankhwala amene anapanga chakumwachi mu 1886, anamwalira mu 1888 asanadyerere. Bizinesi inagwera m'manja mwa Asa Candler, amene ankagulitsa chakumwachi cha m'matambula basi. M'chaka cha 1899 chija, maloya awiri a mumzinda wa Chattanooga ku America, Benjamin Thomas ndi Joseph Whitehead, atamupempha chilolezo choti azithira m'mabotolo, anawapatsa pa mtengo wa dola imodzi. Ambiri amati Candler anapusa pamenepa. Ine sindivomereza. Kuyambira pamenepo kampani yaikulu inangokhala yogulitsa msuzi wake wachinsinsi ndi dzina, pomwe fakitale, madzi, shuga, magalimoto ndi anthu onyamula makreti ngati ine zinakhala za makampani a m'dera lililonse. Ng'ombe imadya msipu wa ena koma mkaka ukupita kwa mwini.

Mu 1919 banja la Candler linagulitsa kampaniyo pa madola 25 miliyoni kwa gulu la Ernest Woodruff, ndipo mwana wake Robert anakhala pampando mu 1923. Ameneyu ndiye ndimamulemekeza kwambiri, chifukwa ankadziwa kuti munthu wa ludzu sayenda mtunda kufunafuna chakumwa, amagula chomwe chili pafupi. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse analamula kuti msilikali aliyense wa America apeze botolo pa masenti 5 kulikonse komwe ali, ndipo nkhondo itatha mafakitale amene anamangidwa kutsatira asilikaliwo anatsala m'maiko a eni akugwirabe ntchito.

Roberto Goizueta, amene anachoka ku Cuba boma la Fidel Castro litalowa ndipo anadzatsogolera kampaniyi kuyambira 1981 mpaka 1997, anasintha kakomedwe ka Coke mu 1985. Anthu anakwiya zedi, moti patangotha masiku 79 yakale ija inabwerera m'masitolo. Nditawafotokozera amalume, anati wogulitsa aliyense wa pa golosale akanatha kumuchenjeza, popeza munthu akazolowera chinthu safuna kuti umusankhire china.

Kuno kwathu nako eni asintha. Kampani ya Castel inagula Carlsberg Malawi, yomwe inali mwini wa Sobo, mu 2016, ndipo mu 2022 ntchito yothira Coke ndi Fanta inapita kwa Coca-Cola Beverages Africa. Koma nthawi imene ndikukambayi zonsezo zinali zisanachitike. Vuto lathu linali lakuti nyengo yotentha ikafika makasitomala ankatidutsa kupita kwa mnzathu amene anali ndi furiji, ife tikuziziritsa mabotolo m'ndowa ya madzi. Ndinawanyengerera amalume mpaka anavomera kugulitsa mbuzi zawo kuti tigule furiji ya palafini. Za momwe tinakaitengera ku Chipata ndifotokoza m'gawo lotsatira.